Ng'ombe ya Pak Haji

Ng'ombe ija sinali yathu. Ndiyambe ndi pamenepo, chifukwa anthu amati amuna anga a Kasiman anafera ng'ombe yawo, ndipo ndikamva mtima umandiwira. Inali ya Pak Haji Marsudi, mwini sitolo ya feteleza kumsika wa kumunsi. Ife tinkangoweta. Kwathu kuno wosauka amatenga ng'ombe yaikazi ya wolemera, n'kuimangira khola, kuimwetera udzu, kuisambitsa. Ikabereka, mwana woyamba amakhala wa woweta, wachiwiri wa mwini. Koma ikafa kapena kupita padera chifukwa cha iwe, dzina lako lathera pomwepo, palibenso angakupatse ngakhale mbuzi.

Ndine ndinawakakamiza kuti akaipemphe. Zaka makumi awiri tinkalima tsabola ndi kabichi pakamunda kongokwana kuyanikapo zovala, ndipo ine pakamwa sipatseka. Ndinkawauza kuti mwamuna wopanda khola ndi mlendo pamudzi. Anapita, anabwera nayo, naitcha Menik. Kuyambira pamenepo ankaisambitsa kawiri patsiku pomwe iwo eni ankasamba ndikawakalipira. Patatha zaka ziwiri inatenga bere, ndipo pamene phiri lathu lija lophulika moto linkayamba kulira inali itatsala ndi milungu itatu kuti ibereke.

Loweruka masana chimkuzamawu cha pamzikiti chinalengeza kuti tonse titsike. Malole a asilikali anaima pamphambano, ndipo anatiuza kuti munthu atenge chimene angachinyamule pamiyendo, ziweto ayi. Anatitula pasukulu ya kumunsi, banja lililonse mkeka wake, mpunga ndi tempe, ndiwo yathu ya soya, zokulunga m'pepala kawiri patsiku. A Kasiman anatitsatira panjinga yawo yamoto, yokalamba ija yolira ngati ikutsokomola, n'kuiimika pansi pa mtengo wa mango pabwalo.

Asilikali anatseka msewu wokwera ndi nsungwi, koma ng'ombe siidziwa za nsungwi. M'mawa uliwonse akangomaliza kuswali, amuna a m'mudzi mwathu ankakwera njinga zawo n'kuzemba kudzera kanjira ka m'minda. Ankamweta udzu, kuutsuka phulusa kumtsinje, kudyetsa, kumwetsa, ndipo pofika naini koloko anali atabwerera, mitu ili mbuu ngati agwera m'thumba la simenti. Ankaseka pofika. Ife akazi sitinkaseka.

Lolemba ndinawapanikiza a Kasiman. Kwathu bambo timati Pak, mayi timati Mak. "Pak, tsitsani ng'ombeyo basi. Enatu atsitsa."

"Atsitsa zawo, Mak. Iyi ndi ya eni."

"Ndiye mukufuna eni akewo adzakuikeni m'manda ndi feteleza wawo?"

"Ili ndi bere lalikulu. Ndikaiyendetsa mtunda wonse uja n'kupita padera, ndikawauza chiyani a Haji? Ndi mwana wathu ali m'mimbamo, waiwala?"

"Sindinaiwale. Koma thole silidzandigwira dzanja ndikadzakalamba."

Anangoseka, n'kumapukusa phulusa la m'makutu. A Kasiman anali choncho: ukawakalipira ankakuyang'ana ngati mvula yoti ikata yokha.

Lachiwiri ndinavala nsalu yanga yabwino n'kupita ndekha kwa Pak Haji. Ndinakhala pansi pakhonde mpaka anatuluka. Sindinganame, anandilandira bwino, akunditchula Yu, kutanthauza achemwali, n'kundiitanitsira tiyi wotsekemera kwambiri.

"Pak Haji, ndabwera kudzapempha. Loleni aitsitse wapansi, kapena aimasule idzionere yokha."

"Aa, Yu Ngatirah, wapansi ayi. Ng'ombe ya bere lotere? Ndalankhula kale ndi wa lole. Lachinayi m'mawa akaitenga, ndipita nawo ndekha."

"Lachinayi n'kutali, Pak Haji. Phiri likulira usana ndi usiku."

"Phiri lija lakhala likulira chibadwire changa. Masiku awiri okha, Yu. A Kasiman ndi munthu wosamala, n'chifukwa chake ndinawapatsa. Imwani tiyi asazizire."

Ndinamwa, ndinathokoza, ndinabwerera ndi ukali umene ndinalibe poutula. Madzulo amenewo galasi la zenera la kalasi linkanjenjemera lokha. Ndinadziuza kuti ng'ombe siingafe ndi njala ya tsiku limodzi, ndipo Lachinayi lole ibwera. Tsiku limodzi lokha ndimafuna. A Kasiman atapita kukasamba, ndinapisa m'thumba la jekete lawo, ndinatenga kiyi wa njinga, n'kumumangirira pakona ya nsalu yanga.

Lachitatu m'mawa anayamba kufufuza. Anakutumula jekete, anatukula mkeka, anakhuthula chikwama cha zovala. Kang Tukijo, ndiye kuti achimwene Tukijo, woyandikana nafe nyumba, anali ataliza kale njinga yake panja.

"Kasiman, tiye! Kapena wagulitsa kiyi kuti ugule fodya?"

"Tsogolani, ndikupezani. Ali pompano."

"Kwera kuno kumbuyo."

"Udzu wako ukakhala pati pobwera kumtsinje? Pita, ndikupeza."

Anapita onse. Ine ndinagwada n'kumawathandiza kufuna. Ndinatukula ngakhale mkeka wa anthu ena, ndikudandaula mokweza kuti amuna inu simusamala zinthu. Kiyi ankandigunda pantchafu ndikamakwawa. Patatha ola anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinati mumtima ndapambana.

"Mulungu wakana, Pak. Khalani lero. Ndikupangireni khofi."

"Panga," anatero.

Pamene ndinkabwera kuchokera kokhala moto ndi kapu m'manja, iwo panalibe, chikwakwa chawonso panalibe. Mayi wina anati wawaona akukwera galimoto ya masamba yolowera kotchinga msewu. Kuchokera pamenepo kukafika kwathu ndi makilomita asanu ndi limodzi, chitunda chokhachokha, ndipo iwo anali ndi bondo lovuta. Ndinaimirira pabwalo ndi khofi uja mpaka anazizira. Mantha ndinali nawo, koma ukali unali pamwamba, ndinkakonza kale mawu owalandira nawo.

Naini koloko njinga zinabwera, imodzi imodzi. Ndinathamangira Kang Tukijo.

"Takumana nawo akungofika, Yu, akutsimphina. Ndati kwerani tizipita, Menik ndamuponyera kale kaudzu. Akuti ayi, sanamwe madzi chidzulo, abwera wapansi."

"Ndiye mwawasiya?"

"Mumawadziwa amuna anu. Ndikanawamanga?"

Itangokwana teni, pansi panagwedezeka, makapu anagwa pamashelefu. Tinatulukira panja. Mtambo wotentha ngati moto umene timautcha nkhosa yaubweya unali utatuluka pamwamba pa phiri, ukugudubuzika kutsika ndi chigwa chathu, wotuwa, wonenepa, wosafulumira pouona patali. Akazi anayamba kufuula mayina. Ine sindinafuule. Ndinangogwira pakona ya nsalu yanga n'kufinya mpaka chitsulo chinandicheka chikhatho. Kenako kunada masanasana, phulusa linayamba kugwa ngati mvula yopanda madzi.

Lachinayi m'mawa lole inabwera. Pak Haji sananame. Inalowa pabwalo la sukulu ikuliza hutala, iye atakhala kutsogolo, kumbuyo atayalamo udzu wouma kuti ng'ombe isavulale panjira. Anatsika, anandiona, anavula chipewa. Palibe analoledwa kukwera phiri tsiku limenelo.

Ofunafuna anawapeza a Kasiman Lachisanu. Sanali kukhola. Anali pamsewu, kumunsi kwa mlatho wawung'ono, chingwe atachikulunga padzanja, Menik atagwa pambali pawo. Ankaitsitsa wapansi, monga ndinkawauzira masiku onse aja. Wondiuza anati anawazindikira ndi chikwakwa chimene anachisomeka kumsana. Sanandilole kuvundukula nsalu.

Pa mapemphero a tsiku lachitatu Pak Haji analankhula anthu onse akumva. Anati ng'ombe yafa popanda mlandu wa woweta, choncho safuna kalikonse kwa ine. Anati a Kasiman anali munthu wosunga cha mnzake kuposa moyo wake, ndipo phiri likadzakhala chete adzandipatsa ng'ombe ina yoti ndiwete. Anthu anagwedeza mitu, ena anati ndi munthu wabwino. Mwina ndi wabwinodi. Ndinkafuna kumuthira tiyi wotentha kumaso, koma ndinkadziwa kuti theka la tiyiyo liyenera kugwera ine.

Anthu akubalalika, Kang Tukijo anabwera kudzakhala pafupi nane. Maso ake anali ofiira ndi phulusa ndi zina.

"Sindigona, Yu. Ndikanawakoka ndi mphamvu."

"Si inu, Kang."

"Kakiyi kokha! Akanapanda kukataya, bwenzi titakwera limodzi, titatsika limodzi naini koloko ngati masiku onse. Bwenzi ali pano akutiseka. Kodi kanapezeka?"

Ndinayang'ana njinga ija pansi pa mango. Phulusa linali litaikwirira chishalo, ndipo ana anali atalembapo mayina awo ndi zala. Nsalu ndinali nditasintha kawiri chiyambire maliro, ndipo kawiri konse ndinamasula mfundo ija n'kuimanganso pa nsalu yatsopano. Kiyi anali pomwepo, pansi pa dzanja langa.

"Sanapezeke, Kang," ndinatero.

"Ndikaitana mmisiri adzathyole loko. Njingayo idzakuthandizani."

"Isiyeni pomwepo."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana dzanja langa, pamene panali bala lija. Anadzuka n'kupita kukathandiza anzake kupinda mikeka.