Mizere Iwiri pa Kampu ya Mgona

Madzi atalowa m'nyumba za kumunsi kwa Mgona chaka chimenecho, amene anakwera nawo anali a Pemphani Chadzunda. Sikuti anakondwera ndi tsoka la anzawo, ayi, mtima wabwino bamboyu anali nawo. Koma munthu amene watha zaka akutsegulira mabwana geti ku Kanengo, ukamupatsa jekete yonyezimira ndi wezulo n'kumuuza kuti ndiye wapampando wa komiti yoona za ngozi, mapewa amakula okha. Ngakhale akazi awo anayamba kuwaitana kuti a Tcheya, ndipo iwo ankavomera osaseka.

Mabanja amene nyumba zawo zinagwa kapena kung'ambika anasonkhanitsidwa patchalitchi cha kumtunda, malowo n'kusanduka kampu. Amayi ndi ana ankagona m'holo, abambo m'zipinda za Sande sukulu. Zonse zinkayenda bwino mpaka nthawi yogawa zinthu. Likangomveka liwu loti kwabwera ufa, anthu omwe m'mawa apatsana moni mwaulemu ankapondana zala, ndipo wezulo ya a Pemphani inkangolira yokha ngati ya pampira wa ana.

Ndiye kunamveka kuti kwabwera asilikali a dziko lina kudzathandiza. Boma linali litawapempha chifukwa timilatho tinali titakokoloka malo ambiri, ndipo iwo anali ndi zipangizo komanso magalimoto otha kudutsa m'matope. Mayi Elsie Mkandawire, a bungwe lopereka thandizo amene ankayang'anira makampu a mbali imeneyi, anaitanitsa komiti pansi pa mtengo wa kesha. Anali mayi wa kumpoto, wolankhula pang'onopang'ono, wosadziwa kukalipa koma wosabwereza mawu.

"Alendowa abwerera ntchito imene ife anthu wamba yatikanika," anatero a Elsie. "Kamlatho ka kumunsi, madzi akumwa, kunyamula katundu wolemera. Katundu wathu azifika naye pageti, basi. Kugawa n'kwathu, ndipo pamene pakugona ana pasalowe yunifolomu kapena mfuti. Otsogolera ndinu, iwo ndi othandiza, akamaliza adzapita kwawo."

A Pemphani anagwedeza mutu kuvomera, koma mumtima ankaseka. Izi ndi nzeru za m'mahotela, anaganiza choncho, zokambirana anthu akumwa madzi a m'botolo. Munthu wachokera kutali kudzakuthandiza, iwe n'kumuimika pageti ngati wogulitsa makala? Nanga si amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa? Cholinga cha lamulolo sanafunse, poopa kuoneka osadziwa pamaso pa komiti yawo. Paja safunsa anadya phula.

Galimoto inafika m'mawa wina a Elsie atapita ku kampu ina ku Area 25. Inali yaikulu, yobiriwira, ya matayala ofika m'chiuno mwa munthu, ndipo inaima pageti itadzaza mabulangeti. Anthu anakhamukira komweko. A Pemphani analiza wezulo mpaka masaya kuwawa, mayi wina n'kuwaponda phazi osapepesa. Pamenepo manja awo anakumbuka ntchito yakale. Anatsegula geti mbali zonse ziwiri, anachitira sawasha, n'kukodola galimoto kuti ilowe.

Mkulu wa asilikaliwo, kaputeni wachinyamata, anasuzumira pazenera n'kufunsa m'Chingerezi ngati iwo ndiwo mtsogoleri wa malowo, ndiponso ngati akufunadi kuti alowe. A Pemphani analoza jekete yawo. Galimoto inalowa mpaka pakhomo la holo.

Zinthu zinayenda myaa. Asilikali anatsika, awiri a iwo mfuti zili paphewa poti ankalondera nazo katundu m'njira. Mmodzi wamtali anafuula m'Chiswahili akulozera ndi manja: abambo uku, amayi uko. Womasulira sanafunike. Mizere iwiri inawongoka yokha, ngakhale amayi a mumsika omwe sagonjera munthu anangoti zii atagwira manja kutsogolo. Aliyense analandira bulangeti lake, ana anapatsidwa mabisiketi. A Pemphani anajambulitsa ndi kaputeni, ndipo tsiku limenelo kukoma kwa udindo kunawafika m'mafupa. Anapempha alendowo kuti apumule pomwepo, adye nkhomaliro.

A Elsie anafika masana. Anaona galimoto itaima pakhomo la holo. Analowa n'kuyang'ana malo ogona amodziamodzi, kenaka anatuluka n'kufunsa, "Amake Zaki ali kuti?"

Amake Zaki, dzina lake Sakina, anali mayi wogulitsa chapati pamsika wa Mgona. Anthu ankangoti mayi wa Chiburundi, monga atchulira aliyense wochokera mbali imeneyo, ngakhale iye sananenepo za dziko lake. Anakhala m'deralo zaka zambiri, ana ake awiri, Zaki ndi Tadala, anabadwira momwemo, ndipo bambo wawo anamwalira kale. Mayi wina amene ankagona naye pafupi anati anamuona. Mizere itangoyamba kupangidwa, Sakina anakoka ana ake n'kudutsa pachibowo cha mpanda wa kumbuyo, kusiya mapoto ndi mphasa.

Nyumba yake onse ankaidziwa. Inali kumunsi kwenikweni, ya zidina, khoma lakumbuyo litang'ambika moti dzanja linkalowa. Komiti yomweyo ndi imene inamutulutsamo. Tsono mbali ya ku Dowa mitambo inali itayamba kuda. Nyumba ija sikanapirira mvula ina, ndipo aliyense amene anaima pabwalopo ankadziwa zimenezo.

"A Tcheya," anatero a Elsie, "munthu wanu ameneyo. Kamutengeni."

A Pemphani anatenga bulangeti limodzi n'kutsetsereka, akuterereka m'matope, akung'ung'udza kuti anthu ena sayamika. Anapeza chitseko chili chotseka.

"Odi, amake Zaki! Ndine Tcheya wanu. Mwathawa chiyani? Anzanu alandira, lanu ili."

Mawu a Sakina anamveka kuseri kwa chitseko, m'Chichewa chake chokhota.

"Galimoto ilipo?"

"Ilipo, koma ndi anthu abwino amenewo, mayi. Abwera kudzatithandiza."

"Ndikudziwa kuti ndi abwino, bambo. Zonse zimene amalankhula ndamva, chilankhulo chimenecho n'chathu. Amadandaula za nsapato zonyowa. Kwathu ndinali mtsikana. Tinathawira patchalitchi ngati pomwepo. Galimoto inalowa mpaka pakhomo, anatsika, anati abambo uku, amayi uko. Ife tinayesa akufuna kugawa chakudya. Bambo anga ndi achimwene anga awiri anaima pamzere wawo mwaulemu, anakwera galimoto. Mpaka lero."

A Pemphani anangoima, bulangeti lili m'manja. Manyazi anawagwira, mantha nawo anawagwira, chifukwa ali pomwepo ankamva dothi likuyoyoka m'khoma.

"Khomali ligwa, mayi. Muli ndi ana."

"Khoma ndikuliona ndi maso. Koma galimoto ija ikakhala pamenepo, miyendo yanga singafikeko."

Anabwerera akuthamanga, bambo wamkulu akupuma wefuwefu. Anapeza asilikali akudya, ana atawazungulira. Anavula chipewa, anafotokoza za Sakina n'kupempha kaputeni, a Elsie akuthandiza kumasulira, kuti galimoto ituluke. Kaputeniyo sanakwiye n'komwe. Anati lamulo limene anapatsidwa linali lofika pageti, ndipo analowa chifukwa mwini malo anawaitana. Ngati mwini malo akuti atuluke, atuluka, ntchito yawo yeniyeni ikuwadikira kumlatho. Anafunsa ngati mayiyo angalole kuti akamupepese. A Elsie anati ayi, thandizo lalikulu n'lakuti asawaonenso.

Amene anakwiya anali eni kampu. "A Tcheya mwatani kodi?" anakuwa bambo wina. "Mwathamangitsa anthu odziwa ntchito chifukwa cha munthu mmodzi, wobweranso? Mawa tizipondananso ife!" Amayi ena anawomba m'manja monyoza, wina anati jekete ija aibweze. A Pemphani anatsegula geti, galimoto inatuluka, anatseka okha n'kutsetserekanso.

Madontho oyamba anawapeza ali m'njira.

"Amake Zaki, yapita! Ndaitulutsa ndekha, geti ndatseka. Tiyeni, mvula iyi!"

Chitseko chinatseguka pang'ono. Sakina anali atawaveka ana majuzi, Tadala atamumanga jumbo kumutu. Maso ake sanali pa a Tcheya, anali kunjira, kumene injini inkamveka ikulira chakumlatho.

"Ndaimva ikupita," anatero. "Kwathunso inapita. Inabweranso madzulo kudzatenga otsala."

"Iyi sibweranso, ndikulumbira."

"Mukunena zoona, bambo, ndikukukhulupirirani. Koma thupi langa silikumva." Anakankhira anawo panja. "Atengeni awa. Iwo sadziwa kanthu, akagona bwino."

A Pemphani anachonderera. Anati ngati kukampu sakufuna, atha kukakhala pakhonde la chigayo, kapena kunyumba kwa iwo eni, akazi awo amulandira. Anagwada ndithu m'matope, jekete yonyezimira ili m'thupi. Sakina anati kukali kowala njira sangaiponde, kukada adzatuluka yekha, kopita adzakudziwa. A Pemphani anayang'ana kumwamba, anayang'ana khoma, ndipo anaona kuti mvulayo sidikira mdima. Kumukoka sakanatha. Tsiku limenelo anali atachita kale zambiri popanda kufunsa.

Sakina anawerama, anakonza kolala ya juzi ya Zaki, anapukuta Tadala kumaso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anayang'ana a Pemphani m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Akakufunsani kuti ana awa ndi a yani," anatero motsitsa mawu, "muzinena kuti ndi anu."

Chitseko chinatsekeka, mpiringidzo unalira m'kati. A Pemphani anabereka Tadala kumsana, anagwira Zaki padzanja, n'kuyamba kukwera mtunda mvula ikukulirakulira, akucheuka pafupipafupi.