Diski ya Mayina Makumi Anayi ndi Atatu

A Gerevazio Kalumo, kalaliki wa parishi ina cha ku Bembeke kuno, anali ndi matenda amodzi: chilichonse chilembedwe. Wabwereka buku la nyimbo, dzina. Wabwereka mpando, dzina. Ndiye Bambo Mfumu atabwera ndi kompyuta kuchokera kwawo ku Ulaya, aaa, matenda aja anachita kukula.

Komatu kompyutayo inali yamwano. Lero alemba mayina a ana a ubatizo, asunga bwinobwino pa diski, kanthu kakuda kaphanthiphanthi konga envulopu. Mawa potsegula, mulibe kanthu! Kanayi konse zinachitika. A Gerevazio ankachita kuitukwana mumtima, kenako n'kukalapa Loweruka.

M'chaka cha 1992, kalata ya maepiskopi yodzudzula boma itawerengedwa m'matchalitchi, anthu ankabwera ku ofesi kudzabwereka timabuku take kuti akawerenge modekha kunyumba. Inu mukuganiza a Gerevazio anatani? Analemba onse, mayina makumi anayi ndi atatu, la akazi awo a Susan lili pamwamba penipeni. Pa diskipo anamatapo kapepala: Obwereka Kalata.

Sipanapite masiku, wailesi inalengeza kuti wopezeka ndi kalatayo ndi woukira boma. Timabuku tija tinalowa m'madenga ndi m'nkhokwe. Nanga diski? Kufufuta kwake a Gerevazio sankakudziwa, Bambo Mfumu anali atachoka kwa sabata yathunthu, ndipo kutentha katundu wa mishoni, ayi, mtima sunawalole. Anangoisiya patebulo, akuopa n'kuigwira komwe.

Lachinayi m'mawa, nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini, galimoto inaima pakhomo. Munatsika amuna awiri a masuti, wamkulu wa dazi ndi mnzake wa magalasi.

"Tamva kuti inu mumalemba zonse," anatero wa dazi uja. "Tionetseni amene anatenga kalata ija."

M'maganizo mwawo a Gerevazio anaona a Susan akukwezedwa galimoto. Anaona aphunzitsi a Rafaelo, anaona nkhalamba za m'kwaya. Ndipo wowapereka onsewo anali iwo, ndi zala zawo ziwiri zotayipira zija.

"Diskiyo sindikuiona," anatero. Zoonadi patebulo panalibe.

"Musavutike, akalaliki, ndinasunga ine!" Awa anali mayi Elena, osesa mu ofesimo, munthu wosadziwa kuwerenga koma waukhondo woopsa. Anatsegula kabati yachitsulo. Kuseri kwa chitseko kunali diski ija, itapanikizidwa ndi kachifanizo ka Kristofa Woyera, kaja kankakhala m'galimoto yakale ya Bambo Mfumu. Anakazula kuti thyu, n'kupereka diski ndi manja awiri.

A Gerevazio akanatha akanawameza amoyo mayiwo.

Wa magalasi anakhala pa mpando, n'kulowetsa diski. Kompyuta inalira kwee, kwee, ngati nkhuku yodwala chitopa. A Gerevazio anayamba Tikuoneni Maria, koma anangofika pakati n'kuyambiranso, n'kuyambiranso.

"Mulibe kanthu, bwana," anatero wa magalasi.

Anayesanso. Anaiuzira mpweya, kuipukuta pa jekete, kuyesanso. Mbee!

"Imatero imeneyi," anatero a Gerevazio, ndipo aka kanali koyamba kuinenera zoona mokondwa. "Inandidyera ana a ubatizo kanayi."

Wa dazi anatukwana makina a azungu, nauza mnzake kuti azipita. Galimoto itazimiririka kumunsi, a Gerevazio anangoti khu pansi, osati pa mpando, pansi penipeni. Misozi inatsika yokha, chifuwa chinapepuka ngati atula thumba la mbatatesi.

"Mayi Elena, kodi madiski anga mumawaika pamenepo masiku onse?"

"Okhawo amene mwasiya poyera. Poweruka ndimawapatsa Kristofa awasunge, m'mawa ndimabwezera patebulo musanafike. Koma iyi ndinaona kuti simukuifuna, ndiye yagona kwa iye masiku anayi."

Apo m'pamene a Gerevazio anakumbukira mawu a Bambo Mfumu tsiku limene kompyuta inafika: diski isayandikire maginito, imafufutika yonse. Anatenga kachifanizo kaja n'kukatembenuza. Kunsi kwake kunali maginito wakuda bii.

"Ndalakwa kodi?" anafunsa mayi Elena.

A Gerevazio anatsegula dirowa, natulutsa diski ina, ya mayina a anthu amene anapempha Misa yopempherera abale awo otsekeredwa.

"Iyinso mumupatse," anatero. "Igone kwa iye mpaka Lamulungu."