Maziko a Wokumba Zitsime

Kwawo ankamutchula kuti Mzime, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka imvi zinayamba kusuzumira m'mbali mwa makutu. Anali ndi ana awiri, makina osokera, ndiponso mayi okalamba amene miyendo inali itayamba kuwakana. Mayiwo ankakhala okha m'nyumba imene malemu amuna awo anamanga kumapeto kwa msewu. Inali nyumba ya zipinda ziwiri, yaifupi moti mlendo wamtali ankalowamo chowerama ngati wabwera kudzapepesa. Ali mtsikana, Mzime ankachita nayo manyazi, ndipo anzake akamuperekeza ankawabweza akadali pakona.

Achimwene ake, amene ankakhala mumzinda wakutali, anali atagamula kale kuti nyumbayo igulitsidwe, amayi akakhale kwa iwo. Sanali munthu woipa ayi, kungoti ankakonda nkhani zothera pafoni. Amayi atamva, anangoti m'nyumba imeneyo adzatulukamo ali chigonere, anthu atawanyamula. Mzime ndiye anapempha kuti amudikire kaye. Iye amanga zipinda pamwamba pa nyumbayo, asamukira komweko ndi ana ndi makina ake, aziwasamalira amayi. Chomanga m'mbali chinali chosatheka, chifukwa mpanda wa aneba unkatheka kuukhudza uli pawindo. Achimwene anavomera, koma anaikapo mawu: akhonsolo akakana chilolezo, nkhani yathera pomwepo, wogula alipo kale.

Ofesi ya zilolezo zomangira inali kumapeto kwa khonde lalitali la nyumba ya khonsolo. Pamabenchi pankakhala anthu atakumbatira mapulani okulungiza, aliyense akuyang'ana chitseko ngati muli dokotala. Mzime anapondako mpaka mlonda anayamba kumufunsa za ana. Tsiku lina kalaliki anamulozera chitseko china, cha injiniya. Injiniyayo anali mayi wamagalasi, wosaseka wamba, ndipo pansi pa desiki yake panali nsapato zajombo zamatope. Anatambasula pulani ya zipinda zapamwambazo, anaiyang'ana bwinobwino, kenako anadzuka n'kukaloza pamapu apakhoma.

"Msewu wanuwu ndimaudziwa," anatero injiniya. "Dothi lake ndi makande okhaokha. Mvula ikagwa limafufuma, dzuwa likawomba limang'ambika, nyumba n'kumavina pamwamba pake. Aneba anu anabwera ndi pempho ngati lomweli, ndinawabweza. Nyumbayi ili ndi pulani yakale?"

"Ilibe, mayi. Anamanga okha bambo anga."

"Anali mmisiri womanga?"

"Ayi. Anali wokumba zitsime."

Injiniya anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Sindingalole kuti nyumba isenze katundu wina ndisanaone chimene yaimapo," anatero injiniya. "Kakumbeni dzenje pambali pa khoma, mutsate maziko mpaka pamene athera. Mukafika mundiimbire, ndidzayeze ndekha. Koma ndikuuziretu, mayi, musaikepo mtima wonse. Mumsewu umenewo maziko ambiri amathera m'mawondo."

Bambo a Mzime anali munthu wamfupi, wamapewa akuluakulu, wosalankhulalankhula. Anthu ankawatchula kuti a Mfuko, chifukwa nthawi zambiri ukawafuna unkangoona mulu wa dothi ndi chingwe chikugwedezeka. Masana amayi ankawaperekera chakudya kumene akukumba, n'kuwerama pakamwa pa chitsime, n'kukuwa kuti, "Inu apansi! Tulukani, kunja kuno kuli anthu!" Mawu amenewo ana onse a mumsewu ankawadziwa, ndipo ankawayeserera pochita masanje.

Nkhani ya maziko nayo inali nthabwala ya pabanja. Amayi ankati mvula inagwa n'kutha, ina n'kubweranso, banja likupanikizana m'kachipinda kalendi, mwamuna ali pansi akukumba nyumba imene sinkaoneka. Ankati mphamvu zonse ndi miyala yonse zinathera m'nthaka, n'chifukwa chake makoma anangofika pamene anafikapo. Bambo akamva ankangomwetulira n'kumakanda chala chakuphazi. Mzime anabadwa nyumba itatha kale, ndipo poti amayi ake anali munthu woti mbewa akaiona amaisimba ngati mbuzi, nkhaniyo ankaimva ngati zokokomeza zawo za masiku onse.

Mzime anapeza amuna awiri aganyu, wina wadazi, wina wandevu. Anafika m'mawa ndi piki ndi fosholo, akudzitama kuti tiyi akamapsa iwo akhala atasamba kale m'manja. Amayi anakhala pawindo kuti aziwayang'anira, poti ntchito iliyonse yochitika popanda iwo kuilongolola ankaiona ngati yolakwika.

Dzenje linafika m'mawondo, maziko akupitirira. Linafika m'chiuno, akupitirirabe. Tiyi anapsa, anazizira, anatenthetsedwanso. Pamene dzuwa linkapendeka, wadazi uja ankangooneka dazi lokha, ndipo fosholo inali itasiya kufikitsa dothi kunja. Anapempha ndowa ndi chingwe.

"Achemwali, nyumbayi ili ndi mchira," anatero wandevu akupukuta thukuta. "Ife takumbapo maziko ambiri, koma awa sakufuna kutsanzika."

Mzime anaimbira injiniya kumuuza kuti sanafikebe. Injiniya analamula kuti atchinge m'mbali mwa dzenjelo ndi matabwa dothi lisawagwere, ndipo asalekeze. Mawa lake anakumbanso tsiku lonse. Mulu wa dothi unakula mpaka unatseka njira ya kuchimbudzi. Aneba anayamba kubwera, poyamba monamizira kudzabwereka machesi, kenako poyerayera, atanyamula mipando yawo. Ankasuzumira m'dzenjemo n'kubwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Khoma la miyala linkangotsika, lowongoka, mwala uliwonse utagona pa unzake mogwirana moti mpeni sukanalowa pakati. Ngakhale amayi anasiya kulongolola. Ankangofunsa mwa apo ndi apo, ndi mawu otsika, ngati afika.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, piki inalira mwamtundu wina. Sinali kuti dii ngati padothi, inati ngwee, ndipo kulirako kunamveka mpaka kukhitchini. Wadazi anakuwa ali pansipo kuti wagunda thanthwe, ndipo khoma lakhala pamwamba pake penipeni.

Injiniya anafika atavala jombo zake zija ndi chipewa cholimba, tepi yoyezera ili m'manja. Anthu anamupatukira. Anaima m'mphepete mwa dzenje, anayang'ana pansi, ndipo kwa kanthawi anaiwala kuti wabwera ndi tepi. Munthu wina anathamanga kukatenga makwerero, koma atawatsitsa anangolendewera, osafika.

"Asiyeni amenewo, bwana," anatero wandevu. "Makwerero alimo kale. Ife takhala tikuyendera omwewo."

Analoza pakhoma. Pakati pa miyala panali timapanga tosiyidwa dala, kena kumanzere, kena kumanja, kutsika mpaka pansi. Anati anatipeza titadzaza dothi, iwo anangotikolowola ndi zala. Wokumba zitsime akamayala miyala amasiya popondapo kuti azitulukira, ndipo a Mfuko manja awo anachita zimene anazolowera, ngakhale ankadziwa kuti zonsezo adzazikwirira.

Injiniya anatsika pang'onopang'ono mpaka chipewa chake chinazimirira mumdima. Kunkangomveka tepi ikukokedwa, kenako kanyundo kakugogoda mwala uku ndi uku. Mzime anaima atafumbata m'mphepete mwa diresi, akupemphera chamumtima pemphero lopanda mutu. Ankaopa kuti mwina kuzama kokha sikukwanira, mwina pali lamulo lina limene a Mfuko sanalidziwe, ndipo mawa lomwe adzayamba kulongedza mbale za amayi m'makatoni.

Atatuluka, injiniya anali ndi matope pamagalasi, ndipo ulendo uno sanawapukute. Anakhala pamulu wa dothi, mayi wa ofesi wathunthu, akupuma mwabefu.

"Akanandifunsa ine, ndikanawaletsa ali pakati," anatero. "Uku n'kuwononga miyala. Palibe munthu wanzeru zake amamangira kanyumba ka zipinda ziwiri maziko otere." Anapukusa mutu, n'kuyang'ananso m'dzenjemo. "Koma chiyambire ntchito imeneyi sindinaonepo. Nyumba zonse za mumsewu muno zakhala padothi. Iyi yokha yaima pathanthwe. Ndi manja, mayi! Munthu mmodzi, ndi manja!"

Amayi anali atalamula kale kuti awanyamule ndi mpando womwe. Amuna aganyu aja anawatula pafupi ndi dzenje, ndipo injiniya anatembenukira kwa iwo mwaulemu.

"Agogo, anawauza ndani kuti pansi apa pali thanthwe?"

"Angawauze ndani?" anatero amayi. "Munthu uja ankadziwa chinthu chimodzi basi. Akayamba kukumba sankaleka mpaka chimuletse, kaya madzi kaya mwala. Ndinkamuuza kuti, bambo a mwana, ichi si chitsime, ndi nyumba. Iye ankangoti dothi likadali lofewa, sanafike. Ndiye apa madzi sanawapeze."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwapansipansi, ngati m'tchalitchi. Injiniya analemba zimene anayeza, n'kuuza Mzime kuti dzenje lina laling'ono akumbe kuseri kuti aone ngati n'chimodzimodzi, ngakhale iye sankakayika, poti khoma lonse analizungulira osapeza mng'alu ndi umodzi womwe. Zikatero apite akatenge chilolezo. Anati zipinda zimene wajambulazo nyumbayi siidzazimva n'komwe.

Mzime anavula nsapato, anakwinyira diresi m'mawondo, n'kupempha chipewa cha injiniya. Wandevu anati achemwali asamale, koma iye anali ataponda kale kaphanga koyamba. Mwala wake unali wozizira. Anafufuza kachiwiri ndi phazi n'kukapeza pafupi kwambiri, pafupi kuposa mmene ankayembekezera, ndipo apo anamvetsa chifukwa chake injiniya ankatsika movutika. Timapangato tinali toyezera miyendo yaifupi. Tinali ta miyendo ya bambo ake, imene iye anatengera, imene anzake ankamuseka nayo kusukulu. Phazi lililonse linkangofikira pamalo pake, osafuna kuyang'ana.

Phokoso la anthu linayamba kutalikira. Mpweya unazizira, ndipo kunabwera fungo limene anali ataliiwala, la dothi lonyowa ndi mwala, fungo la malaya a bambo ake akamamunyamula madzulo pochokera kuntchito. Anaponda pathanthwe. Anayendetsa chikhato pamiyala yapansi penipeni, ikuluikulu yoti amuna awiri sangaisunthe, ndipo anaganiza za munthu wamfupi uja ali yekha pansi pano, akuitembenuza mpaka igone bwino, mkazi akumulalatira pamwamba, anthu odutsa akumuseka. Palibe amene akanadzaiona miyala imeneyi, koma iye anaiyala mosamala ngati kuti kubwera alendo.

Kenako anakweza maso. Khoma linanyamuka pamapazi ake, linakwera, linakwerabe, linadutsa pamene nthaka yathera, n'kupitirira ndi njerwa zija ankazidziwa mpaka kukagunda malata, ndipo pamwamba pake panali kachidutswa ka thambo. Mzime anachita mantha, mantha okoma. Kanyumba kaja ankabwezera anzake pakona kanali nyumba yaitali kuposa zonse za mumsewu umenewo. Kungoti mbali yake yaikulu inali pansi, ndipo iye anakulira pamwamba pake osadziwa. Anatsamira khomalo n'kulira, osati mofuula, koma misozi yambiri.

Sanadziwe kuti wakhalitsa. Anangoona kuwala kwachepa, ndipo atayang'ana kumwamba anaona mutu wa amayi ake ndi duku lawo, atawerama pakamwa pa dzenje, wina atawagwira pamapewa kuti asagwe.

"Inu apansi!" anakuwa amayi. "Tulukani, kunja kuno kuli..."

Kumwambako akuluakulu amene ankawakumbukira mawuwo anayang'ana pansi. Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, anatsokomola, n'kuyambiranso ndi mawu awo a masiku onse.

"Iwe Mzime, tatuluka msanga. Ukamuimbire mchimwene wako, umuuze kuti wogula wakeyo akafune kwina. Ine pano sindichoka."

Mzime anapukuta nkhope ndi mkono wamatope, anaponda kaphanga koyamba, n'kuyamba kukwera.