Makapasita a M'dzala

"Ili si limba langa," anatero ababa atangolidina kamodzi. "Sellah, langa wapita nalo kuti?"

Limba linali lomwelo, sinthesaiza yakalekale imene mzungu wina wa pa esiteti anawasiyira ine ndisanabadwe. Chichitireni khungu ababa, mnzawo anali limbalo. Koma chinyezi cha kwathu ku Thyolo sichinyengerera: linayamba kulira ngati njuchi, pena n'kumanunkha chopserera. Ine, pokhala wa zamagetsi ku fakitale ya tiyi, ndinalitsegula n'kupeza makapasita, timigolo tija tosunga mphamvu ya magetsi, ena atafufuma, ena akuchucha. A Winston, ogulitsa zipangizo ku Limbe, anati, "Chotsani onse, achemwali, zakale n'zakale." Ndinamvera n'kuikamo atsopano, akalewo n'kukataya kudzala.

"Ndi lomwelo, ababa. Ndangolikonza."

"Langa mawu ake amanjenjemera ngati a malemu amayi ako. Ili likuyankhula ngati wailesi. Wagulitsa iwe."

Kuyambira Lachitatu limenelo anakana chakudya. Munthu wa matenda a shuga! Pofika Lachisanu milomo inali itauma gwa, poyimirira akudzandira. Ndinachita mantha osaneneka. Ndinaona kuti ndiwapha ababa ndi nzeru zanga zomwe.

Nditaweruka masana a Lachisanulo ndinalowa m'dzala, n'kumafukula ndi manja makoko a nthochi ndi phulusa lonyowa. Ndinatola makapasita khumi ndi mmodzi, n'kuwayala pakhonde. Ofufuma aja ndinawakankhira pambali. Kuwabwezera amenewo kunali kuotcha nyumba ababa ali momwemo. Panatsala tinayi tating'ono, toonekera ngati galasi, tochokera mbali imene imaumba mawu. Nditatiyeza ndi mita yoyezera magetsi, tonse tinali tabwinobwino. Ndinali nditataya zamoyo pamodzi ndi zakufa.

Ndinaimbira a Winston.

"Timeneto n'tapulasitiki, sitipezekanso," anatero. "Mukachedwetsa chowotcherera timasungunuka ngati kandulo."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Munafunsa?"

Ndinadula foni ndisanachimwe. Chowotcherera changa chinali chachikulu, cha mawaya a mota kufakitale. Komanso ife ndife a Sabata: dzuwa likalowa Lachisanu, ababa salola ngakhale kusoka batani. Kudikira kuti Sabata lithe, sindinkadziwa ngati akafikako.

Ndinazula tatsopano tinayi n'kuyamba kubwezera takale tija. Koyamba kanalowa. Kachiwiri kanalowa, thukuta likudonthera pabolodi ya m'kati mwa limbalo. Kachitatu nakonso kanalowa.

"Sellah," anaitana ababa ali kuchipinda, mawu ali ziii. "Dzuwa lili pati?"

Ndinasuzumira pazenera. Linali litakhudza kale mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa munda wa tiyi.

"Likadalipo, ababa."

Pocheukapo ndinaiwala dzanja limene linagwira chowotcherera. Fungo la pulasitiki linandimenya m'mphuno. Mayo ine! Kachinayi kanali katapindika, kakuda bii. Ndinafuna kulira mokuwa, koma nthawi yolira panalibe. Ndinatola katsopano ka a Winston n'kukawotcherera pomwepo, ndipo pozula chowotcherera kukhoma, kunja kunali kutatsala kufiira kokha.

Ndinakawatenga ababa kuchipinda, ndinawagwira mkono n'kuwakhazika pampando wa limba. Anapapasa matabwa a m'mbali, anapapasa mabatani, kenako anadina. Mawu anatuluka, onjenjemera pang'ono, koma osafika penipeni pakale. Ababa anapendeketsa mutu. Anadinanso, n'kugwira nthawi yaitali, ine nditaima kumbuyo kwawo osapuma.

"Wadwala mnzangayu," anatero pomaliza. "Koma ndi yemweyo."

Sanapepese, nanenso sindinaulule za kachinayi kaja. Chala chawo chamanja chinakhalabe pa limba, mawu akunjenjemera m'nyumba monse, pamene dzanja lamanzere linayamba kupapasa patebulo, kufunafuna mbale ya phala imene inali itazizira kuyambira m'mawa.