Mpini wa Ndodo ya Mose

A Isake Chimphamba ananyamula ndodo za osewera gofu ku Lilongwe kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Mawondo atayamba kuwavuta, chaka chomwe dziko linasankha boma latsopano, anabwerera kwawo kufupi ndi Kasakula. Ankalima chimanga ndi mtedza, ndipo moyo unkawakomera. Za gofu sankazikamba, poti kumudziko panalibe amene anaonapo masewerowo.

Loweruka lina mu Ogasiti pakhomo panaima galimoto yotuwa ndi fumbi. Anatsika Mose, mwana wa mlongo wawo, amene anali atangokwezedwa pa kampani ina yogula fodya. Atamwa thobwa limene a Felista, akazi a a Isake, anabweretsa, Mose anatulutsa m'galimoto chikwama chachitali cha ndodo zonyezimira.

Anafotokoza kuti anzake a maudindo amakumana ku gofu Loweruka lililonse, ndipo nkhani zambiri za ntchito zimathera komweko. Ndodozo anagula kwa mzungu wina wamtali, wadzitho, amene ankabwerera kwawo. Koma miyezi inayi yonse mpira wake unkangokwawa n'kukhotera kumanja, m'tchire, mpaka anthu anayamba kukana kusewera naye.

A Isake anasolola ndodo imodzi, anagunditsa mutu wake pansi n'kukanikiza. Mpini wachitsulowo sunapindike n'komwe. Analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi ndodo zitatu zokulunga m'chiguduli. Ndodozi anapatsidwa ndi mayi wina amene anamunyamulira chikwama zaka zisanu ndi zitatu.

Anapita awiriwo pabwalo la mpira la pasukulu, pomwe kutsogolo kwake kunali minda yokolola kale yotsetsereka mpaka kudambo. Mose anamenya mipira isanu ndi ndodo yake, ndipo yonse inathawira kumanja.

"Manja ako alibe vuto, mphwanga," anatero a Isake. "Mpini uwu ndi wouma. Umafuna munthu wozunguza mwaliwiro kuti upindike. Iwe umazunguza modekha, ndiye mutu umafika pampira usanawongoke."

Anamupatsa imodzi mwa ndodo zakale zija. Inali yopepuka, ndipo ukaigwedeza inkanjenjemera m'manja. Mose anaitembenuza n'kuona kaduwa kozokotedwa pamutu pake.

"Atsibweni, imeneyi si ya azimayi?"

"Ndi ya azimayi. Menya."

Anamenya monyinyirika. Mpira unakwera m'mwamba, unayenda molunjika n'kukagwa kuseri kwa chulu chapatali. Mose anangoima, ndodo ili paphewa. Anamenyanso, kenako anamenyanso, mpaka mipira inatha. Pokatola m'mapesi ankaseka yekha.

Pobwerera kunyumba nkhope yake inagwanso. Anati ndodo ya kaduwa sangalowe nayo pakati pa anzake, angamuseke chaka chathunthu. A Isake sanatsutse, chifukwa amuna a kumeneko ankawadziwa bwino. M'malo mwake anamuuza kuti alize galimoto apite limodzi kumsika wa ku Kasakula.

Kumsikako anapeza a Davide, okonza njinga, amene anawabwereka mbaula ndi tupa. A Isake anawotcha makosi a ndodo zakale zija ndi a ndodo zitatu za Mose mpaka guluu anasungunuka, mitu n'kuvuka. Kenako anapala nsonga za mipini yofewa ija, anaipaka guluu wamphamvu n'kuilowetsa m'mitu itatu ya Mose. Ankagwira mosafulumira, akuyang'ana ndi diso limodzi ngati mpini walunjika. A Davide anafunsa ngati zinali zida zophera njoka, ndipo Mose anatha ola lathunthu akuwafotokozera masewero amene iye mwini anali asanawadziwe bwino.

Guluuyo anafunika kugona kuti agwire, choncho Mose anagona komweko n'kunyamuka m'mawa mapemphero atatha. A Isake anamuuza kuti ndodo zotsalazo apite nazo kwa mmisiri wa pakalabu ya gofu, akamusonyeze zitatuzi kuti akaitanitse mipini yofanana nayo.

Kalata inafika mu Disembala, mvula itayamba. Amene anaiwerenga ndi a Felista, poti maso a amuna awo anali atayamba kuchita chidima. Mose analemba kuti anazungulira mabowo onse khumi ndi asanu ndi atatu a pabwalo la gofu n'kutaya mipira iwiri yokha. Anati pamapeto pake anaulula yekha kwa anzake kumene mipiniyo inachokera. Ena anaseka, koma akuluakulu awiri anamukokera pambali n'kupempha kuti ayeseko.

A Isake anapempha kuti awawerengerenso pomwe Mose ankakamba za bowo lachisanu ndi chiwiri, la m'mbali mwa mtsinje. Anamvetsera maso ali chitsinzinire, n'kunena kuti pamenepo mphepo imanamiza, amuyankhe kuti azilozetsa pamtengo wa mkuyu. A Felista analonjeza kulemba madzulo. Anapinda kalatayo, ndipo awiriwo ananyamula thumba la feteleza kupita kumunda mitambo isanasonkhane.