Okunkha M'mbuyo mwa Makina Ofiira

Chaka chimenecho tirigu anacha bwino m'munda wa mzungu wina kumunsi kwa Lifidzi, ndipo makina okololera analipo awiri. Ofiira anali akale. Ankamweta, kupuntha ndi kuthira m'matumba, koma ankataya ngala zambiri m'mbuyo. Obiriwira anali atangofika kuchokera ku Beira kuti ayesedwe. Mwini mundayo, yemwe antchito ankangomutcha Patarawu, anati asunga amodzi okha.

Ntchito yoyesayo anaipatsa Basilio, woyendetsa thirakitala. Anamuuza kuti akolole mizere khumi ndi makina alionse, kenako atole zonse zotayika.

Basilio ankawadziwa anthu amene ankadya zotayikazo. Mlongo wake Cacilda, mayi wamasiye wa ana anayi, ankabwera chaka chilichonse ndi amayi anzake kudzakunkha. Tiriguyo ankakasinthanitsa ndi chimanga ku Ulongwe, ndipo chimangacho ndicho chinkawaolotsa miyezi ya njala.

Atamaliza kutola, za makina ofiira zinadzaza dengu. Za obiriwira sizinadzaze ngakhale chipewa chake.

Cacilda anamupeza ataima pamenepo.

"Achimwene, dengu lonseli mukalionetsa mzungu? Tapungulirani munsalu yangamu. Kodi ngala zakezo anachita kuziwerenga?"

"Akadziwa, thirakitala aipatsa wina."

"Ha! Thirakitalayo ndi mkazi wanu? Imakuphikirani?"

Amayi enawo anaseka, koma Basilio sanaseke. Anatapa ngala zodzaza manja awiri, n'kuima nazo kanthawi. Kenako anazibwezera m'dengu, nalisenza.

Pakhonde pa Patarawu anatula dengu ndi chipewa. Asanafunsidwe kanthu anayamba kuikira kumbuyo makina ofiira, pakuti zabwino zake nazonso zinali zoona.

"Ofiirawa lamba akaduka ndimalumikiza ndi chikopa cha ng'ombe, dzuwa lisanapendeke ayambanso ntchito. Atsopanowa chitsulo chikathyoka tidzadikira cha ku Beira, uku mpheta zikudya tirigu."

Patarawu anamvetsera mpaka kumapeto. Ananyamula dengulo kuti amve kulemera kwake, n'kulitsitsa pang'onopang'ono.

"Obiriwira atsala. Ofiira apita ku Domwe, kuli mnzanga akuwafuna."

Basilio anabwerera kumunda. Amayi aja anali atakhala m'mphepete, malichero ali pamiyendo. Sanafune kuuzidwa, nkhope yake inanena zonse. Mmodzi analavula pansi.

"Ofiirawo awataya?" anafunsa Cacilda.

"Ayi. Apita ku Domwe."

"Liti?"

"Lolemba. Ndikawasiya ndine."

Cacilda anayang'ana kumapiri kumene kunalowera msewu wa ku Domwe. Unali ulendo wautali kwa munthu wobereka mwana. Anamangitsa nsalu yake pachifuwa.

"Ndiye Lolembalo muziyendetsa pang'onopang'ono, achimwene," anatero. "Ife tizibwera m'mbuyo mwanu, tikaone munda umene makinawo azikakolola."