Mabotolo a Chivindikiro Chofiira

Anthu awiri a boma oyendera mankhwala anali atatsitsa kale mabotolo onse a chivindikiro chofiira pashelefu pamene Anesi anapeza mawu ofunsira chimene chalakwika. Dzina la Anesi linawakanirira ngakhale anapuma ntchito kuchipatala kalekale n'kutsegula kasitolo ka mankhwala kameneka.

Wamkulu wa oyenderawo, bambo wa magalasi, anafotokoza mofatsa. Mavitamini owonjezera magaziwo anakawayeza ku labotale, ndipo zolembedwa pabotolo zinali nkhambakamwa chabe. M'piritsi lililonse munali kamankhwala kongolawitsa, kwinako ufa. Kampani yopanga inali itatsekedwa, eni ake akukayankha kukhoti. Anesi analibe mlandu, ankangofunika kusayina n'kusunga kalata ya boma.

Anesi anasayina, koma maganizo awo anabwerera m'mbuyo.

Mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, anamwa mapiritsi omwewo miyezi isanu ali woyembekezera, koma kusikelo ankangomuuza kuti magazi ngochepa. Anesi, poti ndi anesi, anagamula okha kuti mtsikanayo akutaya mankhwala. Anayamba kumumwetsa ataima pambali, kenako kumuyasamitsa ngati kamwana kuti aone pansi pa lilime. Iye ankangolira n'kumalumbira kuti sanadumphitsepo tsiku. Khanda litabadwa masiku asanakwane n'kumwalira tsiku lachitatu, Anesi ananena pamaso pa anthu kuti ulesi wa mayi ndiwo wapha mdzukulu wawo. Mtsikanayo analongedza chikwama n'kubwerera kwa makolo ake.

"Nanga amene anamwa kale, mumawathandiza bwanji?" anafunsa Anesi.

Bamboyo anavula magalasi. Anati lamulo limalanda zimene zili pashelefu, koma zimene zinamezedwa kale lilibe nazo mphamvu.

Oyenderawo atachoka, Anesi anatseka sitolo dzuwa lili paliwombo n'kukwera basi yopita kwa makolo a mpongozi wawo. Njira yonse ankakonza mawu opepesera, koma onse anathawa atamuona mtsikanayo kuseri kwa nyumba akuyanika zovala, atawonda mpaka diresi kumukhwepa.

Anangomupatsa kalatayo. Iye anapukuta manja, anawerenga mpaka pansi, n'kuipinda bwinobwino.

"Ndinakuuzani, amayi," anatero motsitsa mawu. "Pepalali mwalikhulupirira lero lomwe. Ine ndinkalumbira ndikulira."

"Mwanangu, ndikhululukire. Tiye kunyumba."

Mtsikanayo anawabwezera kalatayo ndi manja awiri, mwaulemu wake wonse, n'kuwerama kutola chovala china m'beseni.